Chinenero Chokoma Pakamwa pa Mkazi: Kodi Khutu Limamva Chiani?

Pali funso limene anthu oyenda m'maiko amakonda kufunsana akakhala pocheza, ndipo silinakalambe ngakhale lafunsidwa zaka mazana ambiri: kodi ndi chinenero chiti chimene chimakoma koposa m'khutu pamene mkazi ali kuchiyankhula? Ku Ulaya yankho limadza msanga. Ambiri amatchula Chitaliyana kapena Chifalansa, ena Chisipanishi, ndipo Chijeremani amachikankhira kumapeto kwa mzere. Ngakhale m'Malawi muno sasowa mnyamata amene wabwerako ku Johannesburg natama Chizulu cha anamwali a kumeneko, kapena wina wakuti Chiswahili ndicho chimaposa zonse. Funsoli limaoneka ngati la macheza chabe, komatu mphunzitsi wa chinenero ayenera kulisanthula, pakuti m'kati mwake mwabisala maganizo awiri amene adzakomana nawo m'kalasi. Loyamba ndi lakuti zinenero zina nzokoma mwachibadwa ndipo zina nzokhakhala. Lachiwiri ndi lakuti mau a mkazi ayenera kuyesedwa ndi kukoma kwake, osati ndi zimene ali kunena.

Nthabwala yodziwika koposa pa nkhani imeneyi amaiika m'kamwa mwa Mfumu Charles V, amene anabadwa mu 1500 namwalira mu 1558, ndipo analamulira Spain pamodzi ndi maiko a Ajeremani. Akuti iye ankanena kuti kwa Mulungu amayankhula Chisipanishi, kwa akazi Chitaliyana, kwa amuna Chifalansa, ndipo kwa kavalo wake Chijeremani. Mauwa anayamba kulembedwa mwini wake atamwalira kale, ndipo olemba amawasinthasintha malinga ndi mtundu umene afuna kuukweza kapena kuunyoza. Wowerenga wochenjera aona kuti m'nthabwalayi mulibe kanthu konena za kamvekedwe ka mau. Chiri chonse cha zinenero zinaizo chapatsidwa ntchito imene anthu a nthawi ija ankaganiza kuti eni ake amaidziwa: kupemphera, kufunsira, kukamba za ufumu, ndi kulamula. Mitundu ya anthu ndiyo iri kuweruzidwa, zinenero zangokhala chophimba.

Komabe anthu amene amatama Chitaliyana ali nacho chifukwa chimene chiyenera kumvedwa bwino. Iwo amati pafupifupi mau onse a Chitaliyana amathera ndi lembo la liu, kotero kuti woyankhula kapena woimba angathe kulikoka liu lomaliza monga afunira, pamene mau a Chijeremani onga Herbst kapena Strumpf amaunjika malembo opanda liu anai kapena atatu kumapeto, ndi kutseka pakamwa mwadzidzidzi. Izi nzoona. Nzoonanso kuti masewero oimba otchedwa opera anayambira ku Florence cha m'ma 1600, ndipo kwa zaka zambiri oimba a m'maiko ena ankaphunzira Chitaliyana kuti aimbe m'nyumba za mafumu. Tsono muyeso womwewo uyesedwe pa Chichewa. Chichewa chiri ndi malembo a liu asanu, ndipo maphatikizo ake amathera ndi liu, osati kumapeto kwa mau kokha iai, komanso pakati pomwe. Chopatuka ndi m uja woima payekha m'mau onga mtengo ndi mkazi. Mau achilendo akafika, Mchewa amawatsegula mpaka akhale sukulu, buku, tebulo, supuni. Chitaliyana sichifika pamenepo, pakuti m'mau onga porta phatikizo loyamba limathera ndi lembo lopanda liu. Malembo a liu akadakhala ndiwo gwero la kukoma, Chichewa chikadatchulidwa patsogolo pa Chitaliyana. Nanga bwanji sichitchulidwa? Chifukwa chake nchakuti otchulawo sanachimve m'nyumba za opera, kapena m'mafilimu a chikondi.

Chitsanzo cha Chifalansa chimaulula chinsinsi koposa. Liu la r limene anthu a ku Paris amalitulutsira kukhosi nlofanana kwambiri ndi limene Ajeremani ambiri amatulutsa. Pakamwa pa mkazi wa ku Paris amati nlonyengerera. Pakamwa pa mkazi wa ku Berlin amati nlokalipa. Liu ndi lomwelo, chasiyana ndi mbiri imene womvayo wasenza m'mutu: uku zovala ndi mafuta onunkhira, uku mafilimu a nkhondo m'mene asilikali ali kufuula. Chikhalirecho Franz Schubert anapeka nyimbo zoposa 600, pafupifupi zonse m'Chijeremani chomwecho, ndipo akazi amaziimba kufikira lero anthu nakhetsa misozi.

Akatswiri sanalekere nkhaniyi pa mtsutso wa pakamwa. Mu 1960 Wallace Lambert ndi anzake ku Montreal anajambula mau a anthu odziwa Chingerezi ndi Chifalansa, munthu ali yense akuwerenga nkhani imodzi m'zinenero zonse ziwiri. Omvera sanadziwe kuti ali kumva munthu mmodzi kawiri, ndipo anamuyesa wanzeru ndi wamtali pamene anayankhula Chingerezi kuposa pamene anayankhula Chifalansa. Chomvetsa chisoni nchakuti ngakhale omvera amene Chifalansa chinali chinenero chao anaweruza chimodzimodzi, pakuti masiku amenewo chuma cha mzindawo chinali m'manja mwa oyankhula Chingerezi. Mu 1974 Howard Giles ndi anzake anatenga mitundu iwiri ya Chigiriki, cha ku Athens chimene Agiriki amachilemekeza ndi cha pa chisumbu cha Crete chimene amachiyesa cha kumudzi, nazimvetsa kwa ophunzira a ku Britain osadziwa Chigiriki mpang'ono pomwe. Ophunzirawo sanapeze chokoma kuposa chinzake. Kukoma kumene Agiriki ankakumva kunali kwa mzinda wa Athens, osati kwa mau.

Kafukufuku wamkulu koposa anasindikizidwa mu 2023 ndi Andrey Anikin ndi anzake. Iwo anasonkhanitsa mau ojambulidwa 2,125 a zinenero 228, natenga oyankhula angapo pa chinenero chiri chonse kuti liu la munthu mmodzi lisanyenge omvera, ndipo anafunsa anthu 820 oyankhula Chingerezi, Chitchaina ndi zinenero za banja la Chiarabu ndi Chihebri kuti anene chimene chawakomera. Anapeza kuti anthu amakonda chinenero chimene ayesa kuti akuchizindikira, ngakhale atachizindikira molakwa. Atachotsa chizolowezi chimenechi ndi kukoma kwa liu la woyankhula, kusiyana kwa zinenero kunatsala kochepa zedi, ndipo omvera sanagwirizane kwenikweni za chimene chiposa. Panaoneka kachizindikiro kakang'ono kakuti zinenero zosiyanitsa matanthauzo pokweza ndi kutsitsa mau, monga chimachitira Chichewa posiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, zimakondedwa pang'ono pochepa, koma ofufuzawo sanakhazikikepo.

Chinthu chimodzi chinaoneka poyera m'kafukufukuyo, ndicho chakuti omvera anakonda mau a akazi, makamaka ofewa otuluka ndi kampweya. Apa ndipo pamene funso lija lasokonezera zinthu ziwiri. Timinofu ta m'kholingo ta mkazi ntatifupi kuposa ta mwamuna, kotero timanjenjemera pafupifupi ka 200 pa sekondi pamene ta mwamuna timanjenjemera pafupifupi ka 120. Zimenezi ziri chimodzimodzi ku Rome, ku Tokyo ndi ku Dedza. Munthu amene wamva mkazi wa mau abwino ali kuyankhula chinenero chachilendo amapereka kwa chinenerocho ulemu umene uyenera kupita kwa kholingo la mkaziyo. Palinso chifukwa china chakuya. Mu 1980 Anthony DeCasper ndi William Fifer anaonetsa kuti makanda a masiku osapitirira atatu amasintha kayamwidwe kao kuti amve liu la mai ao m'malo mwa liu la mkazi wina. Munthu amamva chinenero choyamba ali m'mimba, nachimvanso ali pambereko, ndipo kawirikawiri chimachokera pakamwa pa mkazi. Nkosadabwitsa kuti akakula amafunafuna kamvekedwe komweko, nakatcha kukoma.

Nanga kufewa kumene anthu amati nkwachibadwa m'kayankhulidwe ka akazi a mitundu ina? Ambiri amatchula Chijapani, m'mene muli timau tomalizira chiganizo timene timayesedwa taulemu ndi tachikazi. Miyako Inoue, m'buku lake la mu 2006, analondola mbiri ya timauto napeza kuti kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 tinali kayankhulidwe ka atsikana a sukulu, amene ankamaliza ziganizo ndi teyo ndi dawa, ndipo amuna ophunzira a nthawi ija ankalemba modandaula kuti nkayankhulidwe konyansa. Patapita zaka makumi ochepa, mabuku a nthano ndi magazini anatisandutsa chizindikiro cha mkazi wolemekezeka. Mau amene agogo anawatcha onyansa, adzukulu anawatcha okoma.

Kum'mwera kwa Afrika kuli chitsanzo china. Pakati pa Axhosa ndi Azulu pali mwambo wa hlonipha, umene umaletsa mkazi wokwatiwa kutchula dzina la apongozi ake aamuna, ngakhale maphatikizo a dzinalo akapezeka m'mau ena, kotero kuti iye amasintha mauwo kapena kubwereka ena. Mchewa amene adziwa manyazi a pakati pa mkamwini ndi apongozi sadzadabwa kwambiri. Robert Herbert analemba mu 1990 kuti mwambo umenewu uyenera kuti unathandiza kulowetsa m'Chixhosa ndi m'Chizulu mau aja oomba ndi lilime, olembedwa ndi c, q ndi x, amene anachokera kwa Akhoi ndi Asan. Azungu oyamba kufika ku Cape anawayerekeza mau oterewa ndi kulira kwa nkhukundembo. Koma pamene Miriam Makeba anaimba nyimbo ya ukwati ya Chixhosa yotchedwa Qongqothwane ku America cha m'ma 1960, adzukulu a Azungu omwewo anaomba m'manja chifukwa cha mau omwewo. Lilime silinasinthe. Chinasintha nchakuti tsopano anali kumva mmisiri wa nyimbo amene anali okonzeka kumlemekeza.

Zonsezi zikhudza mphunzitsi wa ana aang'ono m'njira yoonekeratu. Mu 1968 msonkhano wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Zinenero zina zinabwerera pa wailesi kuyambira mu 1994. Kufikira lero mwana wa Chiyao, wa Chisena, wa Chitonga kapena wa Chitumbuka amakomana ndi Chichewa m'kalasi yoyamba, nachiyankhula ndi kamvekedwe ka kwao. Mphunzitsi amene akhulupirira kuti pali zinenero zokhakhala adzamwetulira pamene ana ena ali kuseka, ndipo mwana wosekedwayo adzaphunzira phunziro limene oyankhula Chifalansa a ku Montreal anaphunzira, lodziyesa wochepa pakamwa pake pomwe. Kwa atsikana msampha uli pawiri. Amene ayankha monong'ona, maso ali pansi, amatamidwa kuti ngwaulemu, ndipo amene ayankha momveka amauzidwa kuti sayankhula ngati mkazi. M'kalasi yodzaza ana, wonong'ona samveka, ndipo wosamveka sakonzedwa pamene walakwa powerenga. Chaka chikatha, ulemu uja wamlanda kuwerenga.

Chodabwitsa nchakuti mwambo wa Achewa suyesa mau a akazi ndi kufewa kokha. Gogo wosimba nthano madzulo amakweza ndi kutsitsa mau, nasintha liu kuti akhale Kalulu kenaka Fisi, nadikira ana ayankhe kuti tiri tonse asanapitirire. Akafuna kuti ana aone mdima amati kunali bii, akafuna kuti amve kusowa kwa anthu amati pamudzi panali zii, ndipo mvekero umodzi woikidwa pamalo pake umagwira ntchito ya chiganizo chathunthu. Namkungwi polangiza anamwali ali ndi kayankhulidwe kake kolemera, kodzaza ndi mikuluwiko. Wolira maliro ali ndi kake. Woimba nthungululu paukwati samva manyazi kuti liu lake lifike kutsidya kwa dambo. Zimenezi nzophunzira, ndipo m'mudzi uli wonse anthu amadziwa amene amazitha ndi amene sazitha, ngakhale onsewo ali akazi ndipo onsewo ali kuyankhula chinenero chimodzi. Pamenepa ndipo pali ntchito ya wosanthula: kufunsa kuti gogo uyu wachita chiani ndi mau ake chimene mnzake sanachite.

Nyimbo za pamtondo ndizo zimayankha funso lija momveka koposa, ngakhale zigayo zachepetsa kusinja m'midzi yambiri. Mlendo wodutsa panjira, wosadziwa Chichewa, akamva akazi awiri ali kulandizana nyimbo, misi ikugunda mosinthana, adzati ndithu chinenero ichi nchokoma pakamwa pa akazi, napitirira ulendo wake wokondwa. Koma woimbayo sali kusangalatsa mlendo. Ali kunena za mwamuna amene wathera ndalama za fodya ku mowa, za mkazi mnzake wa mitala amene walandira nsalu yatsopano, za apongozi amene amawerenga ufa m'lichero. Satchula dzina, pakuti mwambo sulola, koma amakweza mau mwadala kuti afike pakhonde pamene mwamunayo wakhala ali kusema mpini, ndipo mwamunayo amaweramitsa mutu, chifukwa wamva liu liri lonse.