Ana Olumikiza Ulusi ku Blantyre wa ku Scotland

Dzina la mzinda wathu wa Blantyre linachokera ku tauni ina ya ku Scotland, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kumwera chakum'mawa kwa Glasgow. Kumeneko, mu 1785, David Dale anakhazikitsa fakitale yopota thonje yoyendera mphamvu ya madzi a mtsinjewo.

Ofunika kuwaombera m'manja ndi ana amene ankalumikiza ulusi m'fakitaleyo. Makina akamapota, ulusi unkangoduka apa ndi apo, ndipo mwana ankayenera kuuona msanga, kugwira nsonga zonse ziwiri n'kuzipotokola ndi zala mpaka zigwirane, makinawo akuyendabe. Akachedwa pang'ono, ulusi wonse unkatuluka wa mfundomfundo. Pankafunika diso lakuthwa ndi dzanja lopepuka, m'chipinda chotentha, chaphokoso, chodzaza fumbi la thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku. Kunena zoona, kugwiritsa ana ntchito yotere inali nkhanza, koma luso lawolo sitingalikane.

David Livingstone, amene anabadwira komweko mu 1813, anayamba ntchitoyi ali ndi zaka 10. Ankaika buku pamakina n'kumawerenga mobera, ndipo akaweruka ankapitanso kusukulu yausiku.

Fakitaleyo inatsekedwa mu 1904 ndipo mbali yaikulu inagumulidwa. Mwa zimene zatsala pali Shuttle Row, nyumba yosanja imene munkakhala mabanja 24 a ogwira ntchito pafakitaleyo, banja lililonse chipinda chimodzi. Kuyambira 1929 nyumbayi ndi malo osungirako mbiri ya Livingstone, ndipo Mmalawi akafika ku Glasgow asalephere kukaiona.