Mwana Wathu pa Kanema wa Alendo

Mu 2019, pa chikondwerero cha makanema a zochitika zenizeni chotchedwa Hot Docs, mumzinda wa Toronto ku Canada, anthu adaonera kanema wojambulidwa kwathu kuno. Dzina lake ndi Buddha in Africa, ndipo adamukonza ndi mayi Nicole Schafer a ku South Africa. Chaka chomwecho kanemayu adapata mphoto pa chikondwerero cha ku Durban. Nanga ife a ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni, ndi angati tidamuona?

Nkhani yake ndi ya mnyamata woleredwa pa nyumba ya ana amasiye ya Amitofo, kufupi ndi Blantyre, imene adaiyambitsa ndi Master Hui Li, mtsogoleri wa chipembedzo cha Chibuda wochokera ku Taiwan. Kumeneko ana amadzuka m'bandakucha kukapemphera, sadya nyama, amaphunzira Chitchaina ndi maseŵera a kung fu, ndipo ena amapita kunja kukaonetsa luso lawo kuti nyumbayo ipeze thandizo. Mnyamatayo atakula, aima pa mphambano: apite kukaphunzira ku Taiwan, kapena abwerere kumudzi kwa abale ake?

Ubwino wa kanemayu ndi wakuti saweruza mofulumira. Olera anawo sawaonetsa ngati anthu oipa, pakuti amawadyetsa, kuwaveka ndi kuwaphunzitsa. Mudzinso sausandutsa paradizo, popeza umphaŵi wake ukuoneka poyera. Chimene chimatilasa mtima ndi kuona mwanayo atakhala pakati pa abale ake ngati mlendo. Apa m'pamene tizindikira kuti thandizo lili ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi mwana.

Komabe kanemayu ali ndi popereŵera. Maso ake ali pa mnyamata mmodzi waluso, ndipo za ana enawo timva zochepa. Funso lalikulu salifika: chidachitika nchiyani kuti mwana amene ali ndi abale akaleredwe ndi alendo? Mwina funso limeneli si la anthu a ku Toronto. Ndi lathu.

Tisafulumire kuloza chala. Nafenso Akhristu tikudziŵa kuti pa sukulu za mishoni ana ankalandira maina atsopano ndi miyambo yachilendo pamodzi ndi maphunziro. Tidapindula zambiri, koma zina tidataya.

Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kale mwana wamasiye ankaloŵa m'nyumba ya malume kapena ya agogo popanda wofunsa. Lero m'tauni lendi ndi mtengo wa ufa zatiumitsa manja, ndipo timapuma mtima pansi mlendo akatisenzera katundu wathu.

Tsono, abale, tiyeni timufunefune kanemayu, timuonere pamodzi m'maholo athu ndi m'miphakati. Tikatha, tiŵerenge ana amasiye a m'dera lathu, tidzifunse kuti akugona kwa yani usiku uno.