Ulemu Wopanda Nkhope: Kuunika Kaphunziridwe ka Cijapani m'Maiko Opeka a pa Intaneti

Ciyambire caka ca 2003, pamene kampani ya Linden Lab inatsegula Second Life, aphunzitsi a zinenero akhala akukopeka ndi ganizo lakuti wophunzira angathe kukhala pakati pa eni cinenero asanacoke pampando wake. Munthu amadzipangira cifanizo, cimene cimachedwa avatar, nayenda naco m'misewu ndi m'masitolo omangidwa monga a ku Japan. M'nkhani ino tifuna kuyesa ganizo limeneli pa Cijapani.

Tiyambe ndi kuvomereza phindu lake. Poyamba anthu a mu Second Life anali kuceza mwa kulemberana, koma m'caka ca 2007 anayamba kulankhulana ndi pakamwa. Kwa wophunzira Cijapani kusinthaku n'kwakukulu, pakuti cineneroci cimasiyanitsa matanthauzo ena mwa kukweza kapena kutsitsa liwu. Hashi angakhale mlatho, angakhalenso timitengo todyera, monga momwe ife timasiyanitsira mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Zotere zimafuna khutu, ndipo buku silingazipereke. Pa kalembedwe phindu n'locepa: wophunzira amatayipa zilembo za Cilatini, kompyuta nimsankhira kanji, motero pa kanji 2,136 za pamndandanda wa boma wa 2010 angazindikire zambiri koma dzanja lake osazidziwa.

Vuto lenileni, m'kuona kwathu, lili pa keigo, ndiko kuti malankhulidwe aulemu. Mneni wamba wa kudya ndi taberu. Ponena za mlendo wolemekezeka amati meshiagaru, ndipo wolankhula podzicepetsa amati itadaku. Kusankha pakati pa atatuwa kumadalira msinkhu, udindo, ndiponso ngati munthu ali wa m'kati mwa gulu kapena wakunja. Kalaliki polankhula ndi wogula amachula bwana wake yemwe popanda san, namcepetsa, cifukwa pamaso pa mlendo bwanayo ndi wa m'nyumba. Tsono m'dziko lopeka nkhalamba ingaoneke ngati kamwana, mphunzitsi ngati mphaka. Kubisa msinkhu ndi udindo ndiko kukoma kwa malowo, koma ndizo zomwezo zimene keigo imaimapo. Wophunzira amakhazikika pa desu ndi masu, posakhalitsa natsikira ku malankhulidwe a paubwenzi, n'kumaganiza kuti Cijapani wacigwira.

Ife a Cinyanja nkhaniyi sitiyenera kucita kuuzidwa. Mwana wathu amadziwa kusiyana kwa iwe ndi inu cifukwa anaona amake atagwada polankhula ndi apongozi, ndipo tsiku limene iye anati iwe kwa agogo ake anadzudzulidwa pomwepo. Cidzudzulo cotere m'dziko lopeka n'cosowa. Mwini cinenero amene walakwiridwa alibe cifukwa cowongolera mlendo wosamdziwa. Amangosamukira kwina, wophunzira osadziwa n'komwe kuti walakwa.

Ena adzatiyankha kuti mphunzitsi angathe kumanga ofesi m'dzikomo, napatsa ophunzira maudindo, wina bwana, wina kalaliki, wina wogula. Zoonadi angathe, ndipo sitikana kuti phunziro lotere lingapindule. Koma pamenepo eni cinenero ongokumana nawo m'njira acokamo, ndipo catsala ndi sewero la m'kalasi, limene aphunzitsi athu akhala akucititsa ndi mipando iwiri ndi tebulo, popanda kulipira intaneti.