Kulonda Mapazi ndi Kutema Njira: Gitala ya Sungura ndi Ana a Matchona a m'Mafamu a Mashonaland

M'chaka cha 2005 Alick Macheso adatulutsa chimbale chotchedwa Vapupuri Pupurai, ndipo imodzi mwa nyimbo za m'menemo, Murondatsimba, idautsa mtsutso waukulu pakati pa okonda sungura m'dziko la Zimbabwe. Liwu la Chishonali limanena za munthu amene amalonda mapazi a mnzake, ndipo omvera ambiri adaimva nyimboyo ngati chidzudzulo kwa oimba achinyamata omwe panthawiyo ankatengera kaimbidwe ka Macheso, kuyambira kaliridwe ka besi mpaka kavinidwe. Dandaulo lake lidali lomveka. Komabe likaunikidwa molingana ndi mbiri ya sungura, komanso mbiri ya mwini wakeyo, limadzutsa funso lomwe silophweka: kodi kuphunzira nyimbo yovuta ya munthu wina pa gitala ndi ntchito yotsika poyerekeza ndi kupeka nyimbo yako?

Dzina lenilenilo la sungura ndi umboni woyamba wotsutsa ganizo lotere. M'zaka za m'ma 1970 ku Rhodesia kudafika mbale za nyimbo za benga zochokera ku Kenya, ndipo pa zina mwa izo padali zizindikiro za Kanindo ndi Sungura. Loyambalo lidali dzina la Oluoch Kanindo, mkulu wojambulitsa nyimbo wa ku Kenya komweko. Lachiwirilo ndi liwu la Chiswahili lotanthauza kalulu. Anthu omwe sankamva Chiluo kapena Chiswahili adayamba kuitana nyimbozo ndi mayina omwe ankawerenga pa mbalezo, ndipo anyamata omwe adaziphunzira pa magitala awo adatengera dzina pamodzi ndi kaimbidwe. Benga nayo idali itabwereka kale. Oimba a Chiluo monga D.O. Misiani adasamutsira pa gitala kaliridwe ka nyatiti, choimbira chamakolo cha nsambo 8, pomwe rumba ya ku Congo, yomwenso idalowerera mu sungura, idakula pomvera mbale za nyimbo za ku Cuba. Ngakhale Thomas Mapfumo, yemwe amatamandidwa kuti adabwezeretsa mbira m'nyimbo za magitala, adayamba ndi kuimba nyimbo za Elvis Presley ndi anzake asanafike ku mgodi wa Mhangura, komwe gulu la Hallelujah Chicken Run Band lidayamba kutembenukira ku nyimbo za makolo. Nyimbo zobwerekazi oimba a ku Zimbabwe, monganso a ku Malawi, amazitcha makopiraiti, ndipo ndi ochepa mwa akatswiri a nthawi imeneyo omwe sadadutsemo.

Chomwe chimasiyanitsa sungura ndi mitundu inayo ndi malo omwe idamera mizu. Mafamu akuluakulu a fodya, chimanga ndi malalanje a ku Mazowe, Bindura ndi Shamva, pamodzi ndi migodi yoyandikana nawo, adadalira kwa zaka zambiri antchito ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Ena adapita wapansi, ena adatengedwa ndi bungwe lolemba antchito lomwe Amalawi ankalitcha Mthandizi. Ambiri sadabwerere kwawo, nasanduka matchona, ndipo ana awo adabadwira m'makomboni momwe Chichewa, Chisena, Chiyao ndi Chishona zinkamveka pabwalo limodzi, momwenso gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, ankatuluka pamaliro ndi patchuthi. Blair Rutherford, m'buku lake la 2001 lotchedwa Working on the Margins, adaonetsa momwe moyo wa antchitowa udaliri m'manja mwa mwini famu koposa m'manja mwa boma: nyumba, chakudya, sukulu ngati ilipo, zonse zinkadalira iye. Mwana wa m'komboni adalibe munda wa makolo woti adzalowe, ndipo sukulu yake kawirikawiri inkathera m'makalasi oyambirira.

M'malo otere ndi momwe mudachokera Nicholas Zakaria, wobadwa m'chaka cha 1956 pa esiteti ina ku Mazowe kwa bambo wochokera ku Malawi. John Chibadura, wobadwira ku Bindura m'chaka cha 1957 m'banja lochokera ku Mozambique. Ndi Macheso, wobadwira ku Shamva m'chaka cha 1968, yemwenso bambo ake adali Mmalawi. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka alendo awa kadali gitala.

Ndi bwino kulingalira mofatsa zomwe zimachitika pamene mnyamata wa m'komboni akuphunzira nyimbo ya wina, pakuti apa ndi pomwe onyoza makopiraiti amaphonya. Choimbira chake choyamba chimakhala banjo yopanga yekha: chigubu cha mafuta, mtengo wosema, ndi nsambo zitatu kapena zinayi za waya kapena twaini. Alibe buku, alibe mphunzitsi wa manotsi, ndipo m'zaka zimenezo adalibenso njira yoimitsira nyimbo kuti aibwereze, chifukwa inkadutsa kamodzi pa wailesi ya mnansi kapena pa gumbagumba ya kumowa n'kupita. Ayenera kuisunga m'mutu mpaka atafika pomwe pali banjo yake. Kuonjezera apo, chomwe wamvacho si gitala imodzi. Mu sungura mumalira magitala atatu olukanalukana: lidi yomwe imayenda m'mwamba, gitala yapakati yomwe imasunga kayendedwe ka nyimbo, ndi besi yomwe imayenda ngati ili ndi nyimbo yakeyake. Makodi ake ndi ochepa, kawirikawiri atatu okha obwerezabwereza, kotero kuti wongoyang'ana papepala angaganize kuti ndi nyimbo zosavuta. Kuvuta kwake kuli pa liwiro, pa kulowa ndi kutuluka panthawi yake, ndi pa kusunga mzere wako osakokedwa ndi wa mnzako kwa mphindi 10 kapena kupitirira. Wophunzirayo amayenera kumasula chingwe cholukidwa ndi khutu lokha, n'kusankha ulusi umodzi woti autsate.

Ndiye chifukwa chake nyimbo monga Chitekete ya Leonard Dembo, ya m'chaka cha 1991, imagwira ntchito ngati mayeso kwa ophunzira gitala. Lidi ya Dembo ndi yoyera ndi yosathamanga, ndipo chala chikaterereka aliyense amamva. Woimenya bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza waphunzira kudekha, waphunzira kuti nyimbo imamangidwa m'magawo, ndipo wadziwa pomwe mawu ayenera kusiyira magitala bwalo. Zimenezi palibe amene amabadwa nazo, ndipo wopeka nyimbo asanazidziwe amangotulutsa phokoso lokhala ndi dzina lake.

Palinso china chomwe sichitchulidwa kawirikawiri. Kukopera ndi khutu pa choimbira chosakwanira sikubereka chinthu chofanana ndendende ndi chiyambi chake. Nsambo zinayi sizingachite zonse zomwe zisanu ndi imodzi zimachita, choncho wophunzirayo amadumpha apa, nadzaza apo ndi zomwe khutu lake lidazolowera, kaya ndi ng'oma za gule kapena nyimbo za kutchalitchi. Mawu a Chiluo omwe sakuwamva amawachotsa n'kuikapo akeake. Pofika m'zaka za m'ma 1980, pamene gulu la Sungura Boys la Ephraim Joe linkajambula nyimbo, benga ya ku Kenya idali itasanduka chinthu china chomwe Mkenya sakadachitcha chake. Gerhard Kubik adalemba za ulendo wofanana ndi umenewu pa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, omwe adakumana ndi kwela ali ana ku Salisbury, nabwera nayo kwawo komwe idasanduka kaimbidwe kawokawo.

Sukulu ya Macheso idali yaitali. Atachoka ku Shamva ali mnyamata adadutsa m'gulu la Vhuka Boys la Shepherd Chinyani, kenaka adakhala zaka zoposa 10 akumenya besi mu Khiama Boys, gulu lomwe Zakaria adayambitsa m'chaka cha 1984 ndipo mudadutsanso System Tazvida. Si mwangozi kuti Zakaria adapatsidwa dzina loti Senior Lecturer: gulu lake lidali koleji ya anthu omwe koleji idawadutsa patali. Zaka zonsezo ntchito yaikulu ya Macheso idali kutumikira nyimbo za gulu, ndipo chimbale choyamba cha gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, Magariro, chidatuluka m'chaka cha 1998 ali ndi zaka 30. Chatsopano chomwe adabweretsa chidachokera m'kati mwa zomwe adaphunzirazo. Adatenga besi, yomwe mu benga idali kale yoyendayenda, naiika patsogolo penipeni, kotero kuti pakati pa nyimbo magitala ena amatsika n'kuisiya ilankhule yokha. Woimba wamkulu wa gulu adakhala womenya besi, zomwe sizidali zachizolowezi.

Koma luso la zala, ngakhale likhale lodabwitsa chotani, limakopereka. Lidakoperedwadi, ndipo m'zaka zochepa magulu ambiri adali ndi anyamata otha kuthamangitsa besi monga iye. Chomwe sichidakopereke chikuoneka bwino pa chimbale cha Simbaradzo cha m'chaka cha 2000, makamaka pa nyimbo ya Mundikumbuke. Chakacho ndi chomwe kulanda mafamu a azungu kudayamba. Mafamuwo adali ndi antchito oposa 300,000, ndipo ambiri mwa iwo adataya ntchito ndi pokhala pomwe, pamene ochepa okha ndiwo adalandirako malo. Kwa ana a matchona vuto lidali lowirikiza, poti adalibe mudzi wobwererako. Chaka chotsatira, 2001, lamulo la unzika lidasinthidwa kuti aliyense woganiziridwa kuti angakhale ndi unzika wa dziko lina aukane mwalamulo, ndipo anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo adapezeka akuwerengedwa ngati alendo, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 adakonzako nkhaniyi. Anthu omwe ankanyozedwa ndi dzina loti mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ambiri adali atazolowera kubisa chiyankhulo chawo ndi kutenga mayina a Chishona. M'nyengo yoteroyo nyimbo yokhala ndi mutu wa Chichewa, wopempha kukumbukiridwa, idalira m'mabasi, m'mabala ndi pa wailesi m'dziko lonse, ndipo Ashona omwe adaiimba. Zakaria naye adachita chimodzimodzi ndi Zomvelamvela.

Sikuti Macheso adapeka nyimbo ya ndale. Kunena tero kungakhale kumuveka malaya omwe sadasoke. Mfundo ndi yakuti kusankha chiyankhulo, nkhani ndi munthu woti alankhule m'nyimbo ndi ntchito yomwe kuphunzira Chitekete sikungamuchitire munthu. Nkhani zomwe zimabwerezedwa mu sungura ya oimba a m'mafamu, za umasiye, za banja losweka, za ntchito yolemetsa ya malipiro ochepa, zidachokera m'makomboni momwe adakulira. Wolonda mapazi atha kutenga liwiro la besi, utali wa nyimbo ndi gule wa Borrowdale, koma akafika pa mawu amapezeka akudandaula madandaulo a mwini wake.

Potero Murondatsimba idalondola mbali imodzi n'kuphonya ina. Idalondola poona kuti msika wa nthawiyo unkalipira kufanana. Lamulo la 2001 lokakamiza mawailesi kuti magawo 75 pa 100 alionse a nyimbo zawo akhale a m'dziko momwemo lidatsegula mpata waukulu, ndipo njira yachidule yodzazira mpatawo idali kujambula zofanana ndi zomwe zikugulidwa kale. Idaphonya poiwala kuti wotengera wa lero nthawi zina ndiye mwini kaimbidwe wa mawa. Tongai Moyo, pamene ankayamba m'zaka za m'ma 1990, ambiri ankamumva ngati mthunzi wa Dembo, koma pomwalira m'chaka cha 2011 adali ndi kaimbidwe komwe ena ankakatengeranso. Ndipo Innocent Mjintu, yemwe adamenya gitala mu Barura Express ya Dembo, adadzaimbanso mu Orchestra Mberikwazvo, kusonyeza kuti ngakhale m'gulu la wodandaulayo mudali zala zophunzitsidwa ndi nyimbo za wina. Wina atha kuonjezera, mopanda chipongwe, kuti m'zimbale zina za pambuyo pake Macheso amamveka ngati akulonda mapazi ake omwe, pakuti kamangidwe ka nyimbo komwe kadali kachilendo pa Simbaradzo kadasanduka chikombole.

Funsoli limafika povuta kwenikweni pa ana a oimba omwe adamwalira. Tendai Dembo, Sulumani Chimbetu ndi Peter Moyo adalowa m'malo mwa abambo awo, ndipo aliyense wa iwo adatulutsa nyimbo zakezake. Komabe anthu olipira pakhomo amabwera ndi nyimbo za malemuwo m'mutu, ndipo amadziwa kaphokoso kalikonse ka lidi monga momwe kadajambulidwira. Kwa oimba awa kuimba nyimbo ya wina molondola ndi udindo wa pamtundu, wofanana ndi kusunga manda, pomwe kupeka yawo ndi kupempha omvera kuti aiwale kwa kanthawi chomwe adadzera. Sulumani adapeza njira ina m'chaka cha 2012 pa nyimbo ya Sean Timba, pomwe adasunga kayendedwe ka dendera ka bambo ake, Simon Chimbetu, koma naitana Jah Prayzah, woimba wa m'badwo wake, kuti aimbe naye.