Abby ndi mlandu wa Joel: kumvetsa munthu si kumuchotsera mlandu

Chenjezo: ngati simunasewere The Last of Us Part II, pano ndiulula zonse mpaka mathero.

Gemuyi itatuluka mu June 2020, anthu ambiri anapsa mtima ndi chinthu chimodzi: Abby wapha Joel. Anamupha mwankhanza ndi ndodo yosewerera gofu, Ellie akuona atapanikizidwa pansi. Mkwiyowo unafika poti Laura Bailey, yemwe anasewera ngati Abby, ankalandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa. Koma abale, nanga Joelyo anali mngelo?

Tikumbutsane. Kumapeto kwa gemu yoyamba ya 2013, gulu la Fireflies likufuna kuchita Ellie opaleshoni pachipatala cha ku Salt Lake City kuti lipeze katemera, ndipo opaleshoniyo imupha. Joel analowa ndi mfuti, n'kupha alonda, dokotala ndi Marlene, kenako n'kumunamiza Ellie. Ife tinamuikira kumbuyo. Tinali titaona mwana wake Sarah akufera m'manja mwake, komanso zala zimene zinkaombetsa mfutiyo zinali zathu zomwe. Dokotala uja, Jerry Anderson, anali bambo ake a Abby. Paja mlandu suwola.

Apa m'pamene a Naughty Dog anachenjera. Ukatha masiku atatu ku Seattle ukusaka Abby ngati Ellie, gemu imakubweza tsiku loyamba n'kukupatsa Abby yemweyo. Umapeza kuti anthu amene wawapha aja anali ndi mayina ndi zibwenzi: Owen, ndi Mel yemwe anali woyembekezera. Umaona Abby akunjenjemera akakwera pamwamba, akulota chipatala chija usiku, akuika moyo wake pachiswe chifukwa cha Lev ndi Yara, ana ochokera kwa adani ake. Mtima umafewa osafuna. Phunziro lake ndi lowawa: chisoni chathu chimangotsatira munthu amene tikumuyendetsa.

Komatu kufewa mtima si chigamulo. Joel anali atangopulumutsa kumene Abby pafupi ndi Jackson, iye n'kusankhabe kumuzunza asanamuphe. Chifukwa chake tikuchimvetsa, koma nkhanzayo anaisankha yekha. Kupulumutsa Lev kukusonyeza kuti munthu amatha kusintha, sikufufuta zimene zinachitika m'chipinda chija. Muyezo womwewo timuyezerenso Joel: ankamukonda Ellie, eya, koma anamulanda ufulu wosankha yekha za moyo wake.

Pamene gemuyi imandikhumudwitsa ndi pomwe imafuna kuti wosewera nayenso adzimve wolakwa. Imakukakamiza kupha galu wotchedwa Alice, kenako n'kukuonetsa galu yemweyo ali moyo, akusangalala ndi Abby, ngati ikukufunsa kuti, waona zimene wachita? Ayi ndithu. Panalibe njira ina, ukapanda kudina batani nkhani siipita patsogolo. Munthu amakhala ndi mlandu pamene anali ndi mwayi wokana. Abby anali nawo, Ellie anali nawo, wosewera analibe.

N'chifukwa chake mathero a ku Santa Barbara ndi amene amagwira mtima zedi. Ellie wamumiza Abby m'madzi, wangotsala pang'ono kumumaliza, kenako akumusiya. Sananene kuti Abby ndi wosalakwa, sananenenso kuti wamukhululukira. Wangosiya basi, atataya zala ziwiri, moti gitala ya Joel sakuthanso kuiimba bwino. Mlandu udakalipo, chimene chatha ndi kubwezera.