Mayina a Mbalame m'Mabuku Athu: Ndemanga Yochokera ku Kafue

Mphunzitsi wa Chinyanja m'tauni ya Kafue ali ndi mwayi waukulu. Akangopitirira mafakitale, monga ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, wafika kumtsinje, kumene amathera madambo a Kafue Flats. M'madambomo, ku Lochinvar kokha, mwapezeka mitundu ya mbalame yopitirira 400. Koma akatsegula buku lotanthauzira mawu kuti aphunzitse ana mayina a mbalamezi, kawirikawiri amapeza tanthauzo limodzi: "mtundu wa mbalame". Mtundu uti? Bukulo silinena.

Ulesi umenewu wabala maganizo akuti mayina athu ngosokonezeka, ndipo a Chilatini okha ndiwo okhazikika. Maganizowa ali ndi choona pang'ono. Dzina loti kadzidzi limakuta Tyto alba ndi Bubo africanus, mbalame zosiyana nkhope ndi kaliridwe komwe. Koma nantchengwa ndi Scopus umbretta basi, ndipo nang'omba wa kuno ndi Bucorvus leadbeateri. Apa Chinyanja chimalozera mtundu umodzi mosaphonya, monga momwe imachitira njira ya mayina awiri imene Linnaeus anakhazikitsa pa zinyama mu 1758.

Kukhazikikako nakonso nkokayikitsa. Nkhwazi, imene ili pa mbendera ya Zambia, tinaiphunzira kuti Haliaeetus vocifer. Mu 2023 akatswiri ena anaisamutsira ku Icthyophaga. Msodzi wa pa Kafue akuitchulabe nkhwazi. Ndiponso tisamayese kuti mayina a sayansi alibe mbiri ya anthu. Lybius chaplini, mbalame yoyera yokonda mikuyu, yopezeka m'Zambia mokha, inapatsidwa dzinali mu 1920 polemekeza Drummond Chaplin, mtsamunda wolamulira Southern Rhodesia. Dzinalo silitiuza kanthu za mbalameyo. Limatiuza amene anali ndi mphamvu nthawiyo.

Cholakwa tsono chili pa ife olemba. Buku la Benson, Brooke, Dowsett ndi Irwin, The Birds of Zambia, linatuluka mu 1971, ndipo ntchito yolumikiza mayina ake ndi athu sitinaimalize. Imafuna kukhala pansi ndi asodzi ndi abusa a ng'ombe, chithunzi chili m'manja, ndi kulemba dera limene dzina lililonse lamvekera. Ku Kafue tiyeneranso kusamala: eni madambowa ndi Aila, Atonga ndi Atwa, ndipo dzina limene mwana wa m'komboni atchula ngati Chinyanja lingakhale lobwereka kwa iwo.