Manja a osema a ku Mua

Anthu akalowa m'tchalitchi cha ku Mua, maso amathamangira kuguwa. Ine chinandigwira mtima ndi mitengo yosema. Ndinasisita chosema chimodzi: chosalala, chozizirira, koma timizere ta kasemasema tikumvekabe kunsonga kwa chala. Mmisiri amayamba wauyang'anitsitsa mtengo, kuona kumene mitsempha yake yalowera, pakuti akasema mosemphana nayo umang'aluka. Kenako tchizulo, pang'onopang'ono, masiku ambiri, mpaka nkhope itatuluka, yofanana ndi ya mayi wa m'mudzi mwathu momwemu. Pakanapanda manja amenewa, omwe akhala akusulidwa pamalo ophunzitsira zaluso a KuNgoni, ku Mua komweko, kuyambira 1976, bwenzi tikugwada pamaso pa zifanizo zochokera kutali, zankhope zachilendo. Mukadzafika ku Mua, Misa ikatha musafulumire kutuluka.